A Arcanjo ndi Tabuwada ya Seti

Kumudzi kwa akazi awo, kuseri kwa phiri la Domwe, kutsidya kwa malire a Malawi, a Arcanjo amadziwika ndi zinthu ziwiri: njerwa ndi masamu. Njerwa zawo anthu amazitenga m'manja, kuzigogoda ndi chala, n'kumva kuti zikulira bwino. Masamu awo anthu amangowamvera, poti palibe amene anayesapo kuwagogoda.

Mukatsikira kudambo nthawi ya chilimwe mudzaona kuti aliyense woumba njerwa m'mudzimo amaziyanika m'mizere isanu ndi umodzi, n'kusiya kanjira, n'kuyambanso ina isanu ndi umodzi. Mukafunsa chifukwa chake, mayankho sasowa. Ena amati mphepo imadutsa bwino. Ena amati njerwa sizing'aluka. Alamu awo a Benedito, amene chibadwire sanaumbepo njerwa yowongoka, amati ndi nzeru za ku Malawi zimene munthu wamba sangazimvetse. Onsewo anaonera kwa a Arcanjo, ndipo a Arcanjo sanatsutsepo aliyense. Chifukwa chenicheni ankachidziwa okha: masamu awo ochulukitsa anathera pa sikisi.

Wolakwa pa nkhaniyi unali mtendere. Nkhondo itafika povuta, makolo awo anawoloka malire, iwo ali kumsana. Anakulira kufupi ndi Dedza, ndipo kumeneko analowa sukulu ya makoma a udzu. Mphunzitsi wawo ankaimbitsa matebulo ali ndi kamtengo ka pichesi m'manja. Thu taimuzi thu, folo. Thu taimuzi firii, sikisi. Pamene mutu walephera, kamtengo kankathandiza. Tebulo lililonse ankaliimba mpaka pa thwelofu, m'mawa ndi poweruka, mpaka linkalowa m'mafupa. A Arcanjo anali patsogolo pa anzawo onse, moti kamtengoko ankangokamva kakulira pa ena.

Atamaliza la sikisi, mphunzitsi uja anati, "Sabata yamawa tiyamba seveni. Amene amaliralira abwere ataliriratu kunyumba."

Sabata yamawayo kunabwera malole odzatenga anthu kubwerera kwawo. Azibambo anavina, amayi analulutira, mbuzi zinamangidwa miyendo n'kukwezedwa pamwamba pa mitolo. Palibe anafunsa kuti ana afika tebulo liti.

Kumudzi anapeza sikola, ndiye kuti sukulu, ilibe denga, ndipo pamene panali nyumba yawo panamera chisoso. Bambo awo anawapatsa chikombole n'kuti, "Yamba waumba khoma. Sikola ikupeza." Sikolayo inafoleredwadi patapita zaka, koma inapeza a Arcanjo ali ndi ndevu zoyamba ndi msana wa munthu wamkulu.

Munthu wochenjera akhoza kukhala moyo wautali osakumana ndi seveni maso ndi maso. Seveni akabwera pambuyo, monga folo taimuzi seveni, analibe vuto. Ameneyo anali mlendo m'nyumba ya eni ake. Woopsa anali seveni wotsogola, pamodzi ndi akulu ake, eyiti ndi naini. Choncho a Arcanjo anakonza ntchito yawo kuti iziyenda m'malire a zimene ankadziwa. Mizere isanu ndi umodzi, njerwa khumi mumzere uliwonse, kanjira. Kuphatikiza ankatha bwino, ndipo ogula njerwa sanadandaulepo kuti zaperewera.

Mbiri ya masamu inayambira pamowa, atangokwatira kumene a Ivone n'kubwera kudzakhala chikamwini. Kabanga akawafika m'mutu, ena amaimba nyimbo za kutchalitchi, ena amalira akazi amene anawathawa. A Arcanjo ankaimba matebulo. Anthu amene anaphunzira konkuno ankadabwa, chifukwa tabuwada yawo ya Chipwitikizi imathera pa khumi, pamene ya mkamwiniyu inkadutsa pa khumi osapuma n'kukagwera pa sikisi taimuzi thwelofu, sevente thu. Akafika pamenepo ankapukuta pakamwa n'kunena kuti, "Zotsalazo n'zolemera. Sizinenedwa pamowa."

Nthawi zina wina ankafunsa ndithu, mwina pofuna kudziwa mbewu zokwanira m'mizere yake. "Achimwene, eyiti kuchulukitsa ndi seveni?"

A Arcanjo ankamwetulira ngati munthu amene wamva funso la mwana. "Iwe ukuganiza kuti ndi zingati?"

Munthuyo akatchula nambala iliyonse, iwo ankagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ukuyandikira."

Ndipo munthuyo ankachoka ali wokondwa kuti wayandikira.

Tisawaseke kwambiri. Mkamwini alibe zambiri zoloza n'kunena kuti ichi n'changa. Munda unali wa akazi awo, mapichesi a pakhomo anali a apongozi, ngakhale chulu chimene ankakumbapo dothi chinali cha amalume a a Ivone. Chimene anabwera nacho pamudzipo, kupatula bulangete ndi chikombole, anali matebulo amenewo.

Ana awo aamuna, Marcos ndi Natanael, anawakomera mtima bambo awo. Anasiya sikola asanafike pa kuchulukitsa, n'kupita kumalire kukanyamula matumba a mbatatesi. Vuto linabwera ndi mzime wawo, Rosinha, kamtsikana kowonda, kosalankhulalankhula, kokhala ndi maso amene sachoka msanga pa chinthu. Chaka chimene analowa kalasi yachitatu, anabwera kunyumba ndi tabuwada ya doyisi, ndiye kuti tebulo la thu, ndipo amake anamuuza kuti, "Pita kudambo. Bambo ako ndi amene amadya zimenezo."

Kuyambira pamenepo, akaweruka ankatsikira kudambo, kukoleka chikwama pamtengo, kutembenuza ndowa n'kukhalapo. Iye ankafunsa m'Chipwitikizi, monga amaimbira kusikola. Bambo ake ankayamba agwedeza milomo m'chinenero cha mphunzitsi wa kamtengo uja, kenako n'kutembenuza yankho, poti manambala a Chipwitikizi ankawadziwa kumsika.

"Ababa, tereshi vezi oyitu?"

Milomo inkagwedera, chikombole chili m'manja. Firii taimuzi eyiti. "Vinti i kwatoro."

"Simunaganize n'komwe."

"Zimenezi saganiza. Zimangobwera."

Masiku amenewo anali okoma kuposa onse amene a Arcanjo anakhala pamudzipo. Mwanayo ankawayang'ana ngati mmene anthu amayang'anira ndege ikamadutsa. Iwonso ankamufunsa, molumphalumpha, uku akumenya dothi m'chikombole, ndipo akalakwa sankamumenya. Ankangomuuza kuti apite akawerenge njerwa. Kusikola Rosinha anayamba kupambana anzake, ndipo atafunsidwa chinsinsi chake sanabise. Anauza kalasi yonse kuti bambo ake amadziwa tabuwada mpaka pa dozi, ndiye kuti thwelofu.

Koma tabuwada imayenda. Ya doyisi inatha, ya tereshi inatha. Atalowa ya kwatoro, a Arcanjo anayamba kuiona nkhaniyo ngati mvula imene ikuoneka kuphiri njerwa zili pabwalo. Atalowa ya sinku, anayesa kulankhula ndi akazi awo.

"Amake Rosinha, mwanayu akuthamanga kwambiri. Mutu ungatenthe."

"Mutu wa ndani?" anafunsa a Ivone osadzutsa nkhope, akusankha nyemba m'lichero.

A Arcanjo anayang'ana nkhuku, n'kunena kuti akukaona ngati udzu wofunditsira njerwa sunauluke.

Poyamba anayesa foni. Anabwereka ya akazi awo ponena kuti akufuna kuimbira munthu wa nkhuni, n'kupita nayo kuseri kwa uvuni, kumene palibe akanawaona akudinadina kachipangizo kowerengera kamene pamowa ankati n'ka anthu aulesi. Mayankho onse anatuluka, oyera bwino. Anawanena mobwerezabwereza mpaka foni inazima. Koma pokwera chitunda kupita kunyumba, manambala aja anasokonekera ngati nkhuku zothawa kabawi. Panatsala fote thu, fote naini ndi fifite sikisi, oyendayenda m'mutu opanda eni ake. Anakumbuka kuti njerwa ikakhala yaiwisi, ngakhale mwanapiye akaipondapo phazi lake limatsala mpaka kale. Ikapsa, ngakhale ng'ombe siilemba. Mutu wawo unapsa kale.

Rosinha atatsala pang'ono kumaliza ya seyisi kuti alowe ya seti, seveni woopsa uja, a Arcanjo anaganiza zokabera nyimboyo kumene imaimbidwa. Ngati matebulo akale analowa ndi nyimbo, mwina awanso akanalowa choncho. M'mawa wina anasamba m'mapazi, kuvala jekete chifukwa cha nkhungu, n'kupita kusikola. Anaima kuseri kwa kalasi ya ana okulirapo, akugogodagogoda khoma ngati mmisiri amene akuyesa ntchito ya mnzake, khutu lili pazenera. Tsiku limenelo anawo ankaimba za kusamba m'manja pochokera kuchimbudzi. Nyimboyo inawalowa m'mutu nthawi yomweyo.

Ali pomwepo, aporofesora Vanda, amene amaphunzitsa kalasi ya Rosinha, anatuluka kudzakutumula chofufutira.

"Si abambo a Rosinha awa? Mwachita bwino kubwera. Mbiri yanu inatifika kale."

"Ndimangoona khomali, aporofesora. Lili bwino."

"Mawa tiyamba ya seti. Imeneyo imagwetsa ana ambiri chaka chilichonse. Mudzabwere tsiku lina mudzawafunse nokha, aone kuti munthu akhoza kuisunga mpaka kukula."

"Ndidzaona, dothi likalola," anatero a Arcanjo, ndipo anatsika chitundacho mofulumira ngati aiwala moto m'nyumba.

Tsiku limenelo ntchito sinayende. Anaponda dothi lochepa, poti maganizo anali kwina, ndipo linawathera chigawo chomaliza chisanadzaze. Mizere inalipo isanu ndi umodzi monga mwa nthawi zonse, koma uliwonse unali ndi njerwa zisanu ndi ziwiri zokha. Ankaganiza zochoka msanga, mwina kukadwala kunyumba, pamene anaona Rosinha akutsika kanjira, chikwama chikumenya kumsana.

Mwanayo anatembenuza ndowa n'kukhala. "Mawa ndi ya seti. Ndikufuna ndikafike ndikuidziwa kale, Amélia wa m'kalasi mwathu asandipose."

"Wadya?"

"Ndadya. Seti vezi umu?"

"Seti. Limenelo ndi funso?"

"Seti vezi doyisi?"

A Arcanjo anaika manja kumbuyo, zala zamatope zikuyenda. "Katorozi."

"Seti vezi tereshi?"

Anawerama kuchotsa kamwala kamene sikankasokoneza aliyense. Anakatola, kukayang'ana, kukaponya kutali. "Vinti i umu."

"Seti vezi seyisi?"

"Osalumpha."

"Inu mumalumpha mukamandifunsa."

Zinali zoona, ndipo zala zinali zitatha. Manambala atatu opanda eni ake aja anadutsa m'mutu, aliyense akuloza mnzake. A Arcanjo anatsokomola.

"Ndakhala ndikukulera moipa, ndikungokuuza chilichonse. Pita ukapeze wekha pa njerwa. Ine ndikuuza ngati walondola."

Ankadziwa kuti pabwalo pawo palibe pamene mwana angapeze mizere isanu ndi iwiri, ndiye kusakasakako kukanatha dzuwa. Rosinha anadzuka, kuyenda m'tinjira ta pakati pa njerwa, manja ali m'chiuno. Anazungulira chigawo chomaliza chija n'kukaima m'mbali mwake, kumene bambo ake sankaima poyanika.

"Nazi apa. Mizere seti, uliwonse njerwa seyisi."

"Pabwalo panga palibe mizere seti. Imeneyo ndi mizere sikisi ya njerwa seveni. Kwarenta i doyisi." Yankholo linatuluka lokha, monga linkachitira nthawi zonse.

"Ndi seti, ababa. Tabwerani kuno."

Anapita, n'cholinga chomuonetsa kulakwa kwake. Ataima pambali pa mwanayo anawerenga ndi maso. Mizere inali isanu ndi iwiri. Anabwerera kumene anachokera. Isanu ndi umodzi. Anapitanso kwa mwanayo. Isanu ndi iwiri. Njerwa sizinasunthe, palibe inaonjezedwa, palibe inachotsedwa. Rosinha anali atayamba kale kuziwerenga imodziimodzi ndi chala, ndipo atafika pa yomaliza anatembenuka.

"Kwarenta i doyisi. Ndiye mumadziwa, mumangondivutitsa."

A Arcanjo sanamumve bwino. M'mutu mwawo ankazungulira matebulo onse a ku Dedza, kuwayang'ana kuchokera m'mbali. Folo taimuzi seveni. Ukaima uku, ndi seveni taimuzi folo. Faifi taimuzi seveni, chimodzimodzi. Chinthu chimene anachithawa kuyambira ali mnyamata chinali chigonere pabwalo pawo zaka zonsezo, chitangotembenukira kumbali. Anamva mkwiyo pang'ono ndi mphunzitsi wa kamtengo uja, amene anali ndi mphamvu zambiri m'dzanja koma sananenepo zimenezi. Kenako mkwiyowo unasanduka kuseka.

"Funsa, mwana iwe. Lumpha mmene ungathere."

"Seti vezi kwatoro?"

"Vinti i oyitu."

"Seti vezi sinku?"

"Tirinta i sinku. Bweretsa zolemera."

"Seti vezi seti?"

Anaitembenuza. Inatuluka chimodzimodzi. Anaitembenuzanso, monga munthu amatembenuzira thumba lopanda kanthu. Seveni kutsogolo, seveni kumbuyo. Imeneyi inalibe mbali ina yoimako.

Kumwetulira kwakale kuja kunabwera kokha pankhope. "Iwe ukuganiza kuti ndi zingati?"

"Sindikudziwa. N'chifukwa chake ndikufunsa."

"Yerekeza."

Rosinha anawayang'ana. "Kwarenta i seyisi?"

"Ukuyandikira."

"Kwarenta i tereshi?"

"Ukuyandikira ndithu."

"Ndabwerera m'mbuyo, ababa."

Kudambo kunali zii, kupatula achule amene anayamba kuyesa mawu m'dzenje la madzi opondera dothi. Maso a mwanayo sanachoke pa iwo. Pamowa anthu amayang'ana chikho, ogula njerwa amayang'ana njerwa. A Arcanjo anali asanayang'anidwepo chonchi.

"Simukuidziwa," anatero Rosinha, motsitsa mawu.

A Arcanjo anapukuta manja pa buluku, ngakhale bulukulo linali ndi matope ambiri kuposa manjawo. "Sitinafike. Tinabwerera kuno tisanafike."

"Nanga ya oyitu?"

Anapukusa mutu.

"Ya novi?"

Anapukusanso mutu. Mwanayo anayang'ana njerwa, kenako zala zake za kuphazi. A Arcanjo anadikira kuti alire, kapena atenge chikwama athamangire kwa amake. Nthawi yomweyo belu la njinga linalira pamsewu wa pamwamba. Anali a Benedito, atamanga nkhuku ziwiri pakaliyala.

"Alamu, mukumuthira nzeru mwana wathuyo? Musamupatse zonse, angatilamulire pamudzi pano."

 Anayankha ndi Rosinha.

"Eya, amalume. Tili pa ya seti."

"Yayi, imeneyo ine inandipitikitsa sikola. Gwira bambo akowo, uli ndi mwayi." Njinga inapitirira, nkhuku zikudandaula.

Rosinha anadikira mpaka belu linasiya kumveka. Kenako anatembenukira kwa bambo ake, nkhope itauma ngati ya amake akamawerengera alendo ndiwo.

"Ine ndinauza kalasi yonse kuti mumadziwa mpaka pa dozi. Ndi aporofesora omwe."

"Ndamva."

"Amélia anati ndikunama. Ndinamukoka tsitsi."

"Sunachite bwino."

"Ndiye muzidziwa. Pondani dothi lina."

A Arcanjo anatsegula pakamwa kuti anene kuti dzuwa lapendeka, kuti mwana salamula bambo ake, kuti mzere wachisanu ndi chiwiri umatseka mphepo. Anatsekanso. Anatenga khasu, kugumula dothi pachulu, kuthira madzi, kupinda buluku n'kulowamo. Mwanayo anawatungira madzi. Dothi litafewa anaumba njerwa imodziimodzi n'kuziyala m'mbali mwa zinzake, pamalo pamene pakanakhala kanjira. Zatsopanozo zinali zakuda ndi zonyezimira pafupi ndi zotuwa zija. Manja awo ankachita manyazi poziika pamenepo.

Rosinha anayambira pa kwarenta i doyisi n'kuyenda ndi chala mumzere watsopanowo. Atafika kumapeto anabwereranso kuti atsimikize.

"Kwarenta i novi. Nenani."

"Fote naini."

"M'Chipwitikizi. Kusikola sakakumvani."

"Kwarenta i novi."

"Yonse."

"Seti vezi seti, kwarenta i novi."

"Bwerezani."

Anabwereza. Anabwerezanso. Mwanayo analibe kamtengo m'manja, koma a Arcanjo anapeza kuti aimirira mowongoka, mapazi ali pamodzi. Rosinha anafotokoza mmene zinthu ziziyendera. Zimene aziphunzira m'mawa kusikola, azibwera nazo masana kudambo. Bambo ake azisiyako dothi lopondaponda, chifukwa ya oyitu idzafuna njerwa zambiri. Kumowa asapite mpaka atamaliza ya novi. Aporofesora akafunsa za kubwera kuja, iye adzawauza kuti dothi silinalole.

"Nanga amako?"

"Amayi ndiwauza kuti mwandiphunzitsa ya seti."

A Arcanjo anatsuka chikombole m'dzenje, kufunditsa njerwa ndi udzu, n'kunyamula khasu. Mphepo yozizira inali itayamba kutsika kuchokera kumapiri. Rosinha anakoleka chikwama kumsana n'kutsogola m'kanjira kokwera kumudzi, ndipo bambo ake anamutsatira, milomo ikugwedera. Atafika pakati pa chitunda, mwanayo anafunsa osacheuka.

"Seti vezi seti?"

"Kwarenta i..." Khasu linasuntha paphewa. "Oyitu."

"Novi," anatero Rosinha, osachepetsa liwiro. "Mawa tiyambira pomwepo."